Engenharia Alimentar ku Ulónguè: ntchito yake ili kuti?

Nambewe wa ku Dómuè

Muli bwanji nonse. Ndamaliza classe 12 ndipo ndikufuna kulemba exame de admissão ya Engenharia Alimentar (maphunziro a kukonza ndi kusunga zakudya) ku yunivesite ya UniZambeze, nthambi ya ku Ulónguè. Chandikopa ndi tomato wakwathu. Akachuluka amavundira m'madengu pamsewu, amayi n'kumagulitsa pamtengo wongotaya. Koma amalume akuti ndipite ku sukulu ya ukachenjede ya ISPT ku Tete ndikachite za migodi, poti ndalama zili ku malasha a ku Moatize. Inu amene munachita maphunziro amenewa, mumaphunzira chiyani kwenikweni? Nanga ntchito mumaipeza kuti?

Mlongo wa ku Matundo

Achemwali, choyamba dzifunseni ngati Química ndi masamu mumagwirizana nazo. Zaka zoyambirira n'zimenezo basi, kuphatikizapo Microbiologia, phunziro la tizilombo tosaoneka ndi maso. Za jamu ndi yogati zimabwera mochedwa, ndipo ena amene anabwerera zimenezo anathawa njira isanafike pakati.

Ine chinandigwira mtima ndi chuku. Ku laboratório umaika njere za mtedza m'kambale kagalasi, pakapita masiku ochepa wamera ubweya wobiriwira mopita ku chikasu. Nkhungu imeneyo ndi Aspergillus, imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxina amene amawononga chiwindi mpaka kuyambitsa khansa. Choopsa n'chakuti kukazinga kapena kuwiritsa sikumuthetsa. Tsono taganizirani zimene timachita kumudzi: timawaza madzi mtedza kuti usavute kuswa, wabwino tigulitse, wonyalawo ndiye tisinje nsinjiro zothira m'phala la mwana. Chimanga nacho chimafunika chiume mpaka chinyezi chitsike kufika cha m'ma 13 peresenti chisanalowe m'thumba. Kuluma njere n'kumva kuti yalira sikokwanira ngati ukugulitsa ku fakitale.

Ku ntchito sindikunamizani, mafakitale a zakudya kuno ku Tete ndi ochepa. Ambiri ali ku Beira, Chimoio, Nampula ndi Matola. Komabe kuyambira 2016 lamulo limakakamiza makampani kuthira michere mu ufa wa chimanga, ufa wa tirigu, shuga ndi mafuta ophikira, monga vitamini A m'mafuta ndi ayironi mu ufa. Pamafunika munthu woyeza ngati muyezo wakwana. Makhitchini odyetsa anthu a kumigodi nawonso amafuna woyang'anira ukhondo wa chakudya, choncho ku Moatize kwa amalumeko mutha kukafikako ndithu. Estágio, yophunzirira ntchito pakampani, muyambe kuisaka msanga, musadikire chaka chomaliza.

Bambo Phiri, Songo

Mwanawe, ine sukulu imeneyo sindinapite, ndimagula kapenta ndi nsomba zouma za chicoa kuno ku Cahora Bassa n'kumakagulitsa ku Tete. Nyengo ya mvula kapenta sauma bwino, ukamanga thumba ali ndi kachinyezi, pofika pa msika wa Kwachena wasanduka phala pansi pake. Ena poopa tizilombo amathira mankhwala a m'munda pa nsomba, anthu n'kumadya. Mukaphunzira mudzabwere kuno kunyanja, musakangokhala mu ofesi. Wotipangira choumitsira chotchipa chogwira ntchito mu Januwale, ndalama tidzampatsa.

Mlongo wa ku Matundo

Bambo Phiri, zoumitsira za dzuwa zokutidwa ndi pulasitiki zilipo kale, vuto n'lakuti kukachita mitambo masiku otsatizana nazonso zimagonja. Koma thandala lokwera m'mwamba lokha limaposa kuyanika pamchenga.

Jossias_Tsangano

Ine ndiima ndi amalume pang'ono. Msuweni wanga ali ndi licenciatura yomweyo, panopa akuphunzitsa Biologia ku sekondale. Kuti uyambe kakampani kako ka malambe kapena masau pamafunika magetsi osazimazima, mabotolo, chilolezo, ndipo oyendera malonda a boma akabwera safunsa kuti unakhoza bwanji kusukulu, amayang'ana tsiku lotha ntchito pa botolo. Ngati kwanu kuli kampamba koyambira, pitani. Ngati mukudalira kulembedwa ntchito, konzekani kuchoka ku Angónia.

Nambewe wa ku Dómuè

Zikomo nonse. Química sindiiopa, masamu ndiye ndiyambe kubwereza. Achemwali a ku Matundo, mayeso a zaka zam'mbuyo mudakali nawo? Loweruka ndikwera chapa kubwera ku Tete.