Gulu la banja: kuyabwa kwa agogo

Achemwali a ku Chibavi: Mwadzuka bwanji nonse? Sabata yachitatu ino agogo sakugona. Thupi likuyabwa, makamaka msana ndi miyendo. Usiku wathawu ndawapeza atakhala pamkeka akudzikanda ndi chitsononkho, miyendo yonse mizere yokhayokha. Akuti zinayamba atalandira inhela (mankhwala opopera mkamwa othandiza kupuma) yachiwiri ija, yabulauni. Dzulo akaniratu kupopera.

Malume: Ngati ndi mankhwalawo angosiya. Munthu wamkulu azivutika choncho?

Msuweni namwino: Pepani malume, asasiye ayi. Inhela yoyamba ija, yabuluu, ndi salbutamol, imatsegula njira za mpweya nthawi yomweyo akabanika. Yabulauni ndi beclomethasone, imachepetsa kutupa m'mapapo pang'onopang'ono, n'chifukwa chake amapopera tsiku lililonse. Akangoisiya m'June muno, ndi kuzizira kwa Mzuzu kuno, kubanika kuja kukhoza kubwerera. Zoona, ena mankhwalawa amawayabwitsa, koma ndi ochepa. Zomwe timaona kawirikawiri ndi zoyera palilime ndi kusasa mawu. Achemwali, pali zidzolo? Milomo kapena nkhope yatupa? Ana m'nyumbamo akudzikandanso?

Achemwali a ku Chibavi: Kutupa kulibe, ana ali bwino. Khungu langouma mbuu, ukakanda likuchita ngati ufa. Koma lilime ndi loyeradi.

Msuweni namwino: Ndiye mwina si mphere. Khungu la okalamba limauma nyengo yozizira, komanso shuga, impso kapena chiwindi zimayabwitsa thupi. Akayezedwe magazi. Pakadali pano akapopera yabulauni azichukucha mkamwa n'kulavula. Asambe madzi ofunda chabe, osati otentha, sopo wochapira ayi, mukatero muwadzoze Vaseline thupi lisanaume. Muwawengenso zikhadabo. Koma akatupa milomo kapena kupuma kukavuta atangopopera, musadikire kuti kuche.

Azakhali a ku Katoto: Ine changa ndi mbaula ija. Lamlungu ndinapeza ili m'chipinda, zenera lotseka, amayi akuotha. Mapapowo anawonongeka ndi utsi wa nkhuni zaka zonse zija, lero tiwonjezerenso makala? Ndibweretsa bulangete lina ndi juzi madzulo ano.

Achemwali a ku Chibavi: Ndamva azakhali, ndiitulutsa. Kungoti amalira kuzizira, chisoni chimandigwira.

Malume: Chabwino, ndamva. Ndiye apite liti?

Msuweni namwino: Mawa m'mawa, ku chipatala cha Mzuzu Central ku Luwinga. Atenge buku la kuchipatala, ma inhela onse awiri ndi mankhwala ena alionse omwe akumwa, ngakhale azitsamba. Adokotala ndiwo aone ngati n'kofunika kusintha.

Achimwene a ku Johannesburg: Pa kabaza asakwere chonde. Ndatumiza ya takisi kwa alamu.

Alamu: Yafika. Ndiwatenga 6 koloko kuti tikakhale kutsogolo pamzere. Achemwali muwaphikire phala msanga.

Malume: Mupatseni foni agogo anuwo madzulo, ndiwanyengerere ndekha apopere. Mawu anga amamva.