Ndasankha basi, ndagula RX 6600

Anzanga, mwezi watha ndinafunsa kuti pa ndalama zochepa ndigule graphics card (chipangizo chotulutsa zithunzi pa sikirini ya kompyuta) iti pakati pa RX 6500 XT, RX 6600 ndi RX 580 yogwirapo kale ntchito, poti kompyuta yanga ili ndi Ryzen 5 2600 ndi power supply ya 500W. Zikomo nonse amene munandiyankha.

RX 6500 XT ndinaisiya msanga. Ili ndi memory ya 4GB yokha, ndipo imalumikizana ndi motherboard kudzera m'njira zinayi zokha za PCIe, polowetsa khadi pomwe pamadutsa deta. Pa PCIe 3.0 ngati yangayi imabanika, magemu n'kumadukiza.

Yomwe inandizunguza mutu ndi RX 580. Mtengo wake unali wokopa, ilinso ndi 8GB. Koma ndi ya 2017, imadya mpaka 185W, ndipo zambiri zoterezi zinkagwira ntchito usana ndi usiku pokumba ndalama za crypto. Imene ndinakaiona kwa wogulitsa wina, fani imodzi inkalira ngati chigayo, fumbi litaundana m'mapiko, zomangira zake zili zokalikakalika, kusonyeza kuti inatsegulidwapo. Ndinangothokoza n'kubwerako.

RX 6600 ili ndi 8GB, imafuna 132W yokha pa chingwe chimodzi cha 8-pin, choncho power supply sindinasinthe. Pa 1080p, GTA V ndi Fortnite zikuyenda myaa, ndipo mafani amaima okha ndikakhala sindikusewera.

Achimwene amene munati ndiyambe ndachotsa madiraiva akale (mapulogalamu oyendetsa graphics card) ndi pulogalamu yowachotsera ya DDU ndisanaiike, munandithandiza kwambiri. Tsopano ndikusunga ndalama ya UPS, batire yothandiza kuti kompyuta isazime magetsi akathima, poti magetsi akuzimazima kuno kwathu. Kodi ya 1000VA ingakwane?