Kodi kansalu kangatulutse mchere m'madzi osawiritsa?

WaBoyila_MJ:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndimayang'anira boyila pa fakitale ina ya tiyi kuno ku Mulanje, chaka chino ndi cha 12. Mphwanga amene akuphunzira za migodi anabwera pa holide ndi nkhani yoti kunja amachotsa mchere wa zitsulo m'madzi pogwiritsa ntchito kansalu kotchedwa membrane, madzi ake ongofunda, osawira n'komwe. Ndinamuseka mpaka anakwiya. Ine ndimadziwa kuti mchere umaoneka pansi pa poto madzi akaphwa, ndipo kuti aphwe pamalowa nkhuni. Mathirakitala a bulugamu amene timatentha pa sabata ndimawawerenga ndekha. Ndiye kansaluko kakuchita matsenga anji? Ndikufunsa chifukwa nkhani ya bauxite (mwala wopangira aluminiyamu) wa pa Lichenya imati ikazilala n'kuyambiranso, pomwe ife timamwa madzi otsika m'phirimo.

MphunzitsiWaKhemisitile:
Achimwene, mphwanuyo mukamupepese. Munaonapo madzi pa tsamba la koko? Amangogubuduka, tsamba osanyowa. Membrane yake ndi yotero, ya pulasitiki wokana madzi monga PTFE kapena PVDF, yokhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Mbali ina mumadutsa madzi akuda aja otentha mwina madigiri 60, mbali inayo madzi ozizira. Madzi enieniwo sangalowe m'timabowomo, koma nthunzi imadutsa n'kukasanduka madzi oyera kozizirako. N'chimodzimodzi kutcheza kachasu, kungoti mpope wake wafupika mpaka kupyapyala ngati pepala.

Kansaluko sikapanga mchere ayi, kamangoba madzi pang'onopang'ono. Otsalawo amanka nawawa mpaka kulephera kusunga zomwe zinasungunukamo, ndiye timibulu ta mchere timayamba kuoneka. Ubwino wake ndi woti mumatha kuchepetsa kapena kuonjezera liwiro lobera madzilo, choncho mumasankha kukula kwa timibuluto. Amene anatchukitsa njirayi ndi Enrico Drioli ndi anzake ku Calabria, dziko la Italy, cha m'ma 2001. Moto umafunikabe, musanamizidwe. Koma kutentha kotsala komwe fakitale imangotaya n'kokwanira.

WaBoyila_MJ:
Apo ndamva aphunzitsi. Madzi obwerera ku boyila kwathu kuno amatentha kuposa pamenepo. Koma pali chimene chikundivuta. Tikatsegula boyila nthawi yokonza timapeza mapaipi atamata zoyera zolimba ngati simenti. Chaka chatha ndinagogoda ndi tchizulo masiku atatu, chala chamanthu mpaka lero chikhadabo sichinamere bwino. Ngati paipi yoti ndimalowetsamo dzanja imatsekeka, nanga timabowo tosaonekato?

MphunzitsiWaKhemisitile:
Mwaponda pomwepo. Vuto lalikulu ndi limenelo. Gypsum (mchere woyera wonga choko) ndi laimu zikamera pa kansaluko, nthunzi imachepa, kenako kamasiya kukana madzi, zakuda zija n'kudutsa. Akatswiri amayesetsa kuti timibulu tikamerere mu thanki ina osati pa membrane, ndiponso amatsuka pafupipafupi. N'chifukwa chake m'mafakitale akuluakulu a zitsulo ambiri akugwiritsabe ntchito matanki owiritsa, ngati mmene shuga amapangidwira ku Nchalo. Za membrane zambiri zidakali zoyesera.

NabandaWaKuLuchenza:
Ine ndilowepo pa za bauxite, chifukwa ndikuona ngati mukusakaniza nkhani ziwiri bambo. Bauxite amamusungunula mu kositiki wotentha, yemwe uja timapangira sopo koma wamphamvu zedi. Kenako amaziziritsa n'kuthiramo timibulu tambewu kuti tina timere, ndiye amaotcha kuti apeze alumina, ufa woyera wopangira aluminiyamu. Njira imeneyi ndi ya Bayer, ya m'ma 1880, ndipo membrane mulibemo. PVDF yomwe atchula aphunzitsiyo kositiki wamphamvu amaiononga.

Chimene ine chimandidetsa nkhawa ndi matope ofiira otsala. Pa tani imodzi ya alumina pamatsala matope okwana tani imodzi kapena kuposa. Mu 2010 damu la matope otere linaphulika ku Ajka, dziko la Hungary, anthu 10 anafa, midzi inafiira. Membrane imathandiza pa madzi, matope siingawameze. Tangoganizani mvula ya ku Mulanje kuno, ija yogwa sabata yathunthu osakata, damu lotero lili kumtunda kwa Likhubula komwe ngakhale a ku Blantyre akumwako masiku ano.

Komwe membrane ndikudziwa kuti ikugwiradi ntchito ndi ku eMalahleni ku South Africa. Madzi a m'migodi ya malasha amawasefa mpaka anthu kumwa, n'kutsala gypsum. Koma kumeneko amakankha madzi ndi mapampu amphamvu, si za nthunzi ayi, ndipo magetsi ake si a masewera.

WaBoyila_MJ:
Zikomo mayi, ndinkaganiza kuti kansaluko kathetsa zonse. Mphwanga ndamutumizira uthenga, wayankha ndi chithunzi choseka basi. Aphunzitsi, zoyera za m'mapaipi zija ndinasungako chibenthu m'kabotolo ka mafuta odzola. Ndithire viniga kuti ndidziwe ngati ndi laimu kapena gypsum?

MphunzitsiWaKhemisitile:
Thirani. Chikachita thovu ndi laimu. Chikangokhala duu, ganizirani gypsum kapena silica (yemwe amapezeka mumchenga), ndipo tchizulo chija musachitaye.