F0 ya amayi ikutsika ndi theka mu Praat, vuto lili pati?

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeniko. Ndinajambula mawu a abambo ndi amayi akuwerenga ziganizo, ndipo ndikuyeza kukwera ndi kutsika kwa liwu pa silabulo iliyonse. Script yanga ya Praat (pulogalamu yoyezera mawu) imatenga F0, yomwe ndi kuchuluka kwa mafunde a liwu pa sekondi (Hz), pakati pa vawelo, kutsatira malire a mu TextGrid (fayilo yosonyeza poyambira ndi pothera vawelo iliyonse). Za abambo zikutuluka bwinobwino. Koma kwa amayi ena, mavawelo oyandikana ali cha pa 220 Hz, kenaka imodzi n'kugwera pa 110, chonsecho khutu silikumva kutsika kulikonse. Kapena ndi maikolofoni?

Wa mu labu: Maikolofoni musayinamizire, achemwali. Nambala ikagwa ndi theka ndendende, ndiye kuti Praat yawerenga mafunde awiri ngati limodzi. Pitch floor ndi ceiling, malire apansi ndi apamwamba omwe Praat imafufuzamo F0, mwaika zingati?

Wofunsa: 75 ndi 600, kwa aliyense.

Wa mu labu: Nkhani yagona pamenepo. Malangizo akale a Praat enieniwo ankati 75 mpaka 300 kwa abambo, 100 mpaka 500 kwa amayi. Yesani zimenezo.

Mphunzitsi wa fonetiki: Zimenezo n'zoyambira chabe, achimwene, ndipo pano sizithandiza, poti 110 akadali pamwamba pa 100. Munthu aliyense akhale ndi malire akeake. Script iyeze kawiri. Ulendo woyamba tsegulani malire kwambiri, mutenge quantile ya 0.25 ndi ya 0.75 pa mawu onse a munthuyo (ma F0 mukawandandalika kuyambira yotsika, yoyambayo ndi ya pa kotala, yachiwiriyo ya pa makotala atatu). Floor ikhale yoyambayo kuchulukitsa ndi 0.75, ceiling ikhale yachiwiriyo kuchulukitsa ndi 1.5, kenaka muyezenso. Tinene kuti mayi wina yoyamba yake ndi 190: floor ifika cha pa 142, ndipo 110 uja alibenso polowera.

Koma musathamangire kufufuta theka lililonse ayi. Kumapeto kwa chiganizo anthu ambiri liwu limasasa, mafunde n'kutalikirana mosalongosoka, ndipo pamenepo F0 imatsikadi. Kuzani waveform, chithunzi cha mafundewo, muone ndi maso. Malo oterewa ine ndimawalemba pa tier (mzere wa mu TextGrid) yawoyawo, script iziwadumpha. Kukakamiza makina kuti akupatseni nambala yokongola pamenepo n'kudzinamiza.

Wa R (pulogalamu yosanthulira manambala): Ndiwonjezereko pang'ono. Musanayerekeze abambo ndi amayi, sinthani ma Hz akhale ma semitone (masitepe a liwu ngati a m'nyimbo) potengera liwu la munthu mwiniwake, apo ayi kukwera kwa amayi kuzingooneka kwakukulu nthawi zonse. Malire a munthu aliyense asungidwenso m'tebulo lomwelo, limodzi ndi version ya Praat, chifukwa zatsopanozi zili ndi njira zoyezera F0 za filtered autocorrelation komanso raw, ndipo manambala ake salingana nthawi zonse.

Wofunsa: Zikomo aphunzitsi, kuyeza kawiri kwagwira, mzere wawongoka. Zatsala ndi za mayi mmodzi, zonse pa silabulo yomaliza, ndipo waveform ikuonetsadi kusasa. Ndikuzilemba pa tier ina. Achimwene a R, semitone ndiwerengere kuchokera pa mean (avareji) kapena median (nambala yapakati)?

Wa R: Median. Nambala yolakwika ikatsalira, siyikokera kutali ngati momwe imakokera mean.