"Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika": kodi mayi akunena ndani?

Mnyamata wa ku Ntcheu:
Akuluakulu ndithandizeni. Ndakhala ku Cape Town zaka zitatu, koma chaka chino ndi pamene ndinakaonera Kaapse Klopse, chikondwerero cha Chaka Chatsopano chachiwiri chomwe eni ake amati Tweede Nuwe Jaar. Ndinaima mu Wale Street kuyambira masana. Magulu ankadutsa motsatizana kulowera ku Bo-Kaap, aliyense suti yonyezimira, kaambulera m'manja, nkhope yopaka penti, malipenga ndi mabanjo akulira pambuyo. Kamwana kena, zaka zisanu sikanakwane, kankavina patsogolo pa gulu lonse chipewa chikukatseka m'maso. Ndinawatumizira mayi kavidiyo pa WhatsApp. Yankho lawo: "Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika." Basi, osawonjezera kanthu. Akunena ng'oma za anthuwa kapena ine?

Nachisale:
Akunena inu, achimwene. Mayi wa kumudzi ng'oma za ku Cape Town zimukhudza chiyani?

Aphunzitsi Opuma:
Mwana wanga, yamba wamvetsa ng'omayo. Kuti ilire mokweza, chikopa chimakokedwa mpaka kuuma gwa, n'kuwambidwa pamoto. Kukokako n'kumene kumaipatsa mawu, n'kumenenso kumaipha. Yolira bwino ndi imenenso aliyense amathamangira kuimba, tsono siipuma. Mwambiwu timanenera munthu amene watchuka msanga kapena wachita phuma ndi chisangalalo. Ena amanenera wolongolola.

Wa ku Mitchells Plain:
Aphunzitsi, pa ng'oma iyi yokha mwambi walephera. Imatchedwa ghoema, amaipanga ngati kambiya ka matabwa, chikopa mbali imodzi. Chikondwererochi chinachokera kwa akapolo omwe ankapatsidwa mpumulo pa 2 Januwale, mabwana awo atamaliza kusangalala pa 1. Ukapolo unathetsedwa mu 1834, ngakhale anthuwo anagwirabe ntchito mokakamizidwa mpaka 1838. Mu 1966 boma la tsankho linalengeza kuti District Six, kumene magulu ambiri ankachokera, ndi dera la azungu okha. Anthu pafupifupi 60,000 anasamutsidwa, nyumba n'kugwetsedwa, ambiri n'kutayidwa kuno ku Cape Flats. Lero amakwera mabasi kubwerera m'tauni kukavina m'misewu yomweyo. Yang'ambika pati?

Aphunzitsi Opuma:
Zikopa zang'ambika zambirimbiri, bambo, amangosintha. Mwambi ukunena ng'oma imodzi, inu mukunena gule. Koma dzinalo landigwira mtima. Ghoema, ng'oma. Ena mwa akapolowo anatengedwa ku Mozambique ndi ku Madagascar, ndiye ine sindingadabwe mawuwa atakhala apachibale.

Nachisale:
Mwafika mpaka ku Madagascar nkhani ili pakhomo! Achimwene, tiuzeni zoona. M'kavidiyomo munali ng'oma zokha?

Mnyamata wa ku Ntcheu:
Chabwino. Kumapeto kwake ndinatembenuza foni, ndikuoneka ndikuvina, m'manja muli botolo. Ndinawauzanso kuti chaka chamawa ndikufuna kulowa gulu lina, ndisoketse suti yanga, ndikapikisane nawo ku Athlone Stadium.

Nachisale:
Nanga ndalama ya feteleza wachiwiri munatumiza?

Mnyamata wa ku Ntcheu:
Ndinati nditumiza kumapeto kwa mwezi.

Aphunzitsi Opuma:
Chimanga chikadzafika m'chiuno? Aimbireni foni mayi ako madzulo ano, ndipo za sutizo usayambitse ndiwe.