Gulu la banja: za sukulu ya mtsikana wathu

Amalume a ku Joni: Moni nonse. Mapointi 14 pa MSCE si masewera, mwanayu watichotsa manyazi! Achemwali, ingomutumizani kuno, malo ogona alipo, mayunivesite ali mbwee.

Amayi ake: Zikomo achimwene. Koma bambo ake akuti agulitsa injini ya boti. Kunabwera munthu wina pa Boma, akuti tikalipira kaye iye atipezera malo ku India.

Azakhali a ku Namwera: Iii ayi! Injini imene imatidyetsa tonse? Munthu wamtundu womwewo anandidyera ndalama za mbuzi zitatu chaka chatha, pano foni yake imangoti sikupezeka.

Achemwali aphunzitsi: Amalume, pepani ndikudulani. Ku South Africa MSCE yokha sailandira pa digiri. Amafuna setifiketi ya exemption, yokuvomereza kulowa yunivesite, yochokera ku bungwe lawo la Matriculation Board, ndipo nthawi zambiri pamafunika A-Level. Ku UK nakonso MSCE amaiwerengera ngati GCSE, mayeso awo a ku sekondale, ndiye umayamba ndi chaka chokonzekera cha foundation, ndalama zake zosayamba.

Amalume a ku Joni: Aaa, zimenezo sindimazidziwa. Ine ndimangoona ana akulowa pageti ndi zikwama.

Achemwali aphunzitsi: Njira imene ndikuiona ine ndi sikolashipu ya boma la Turkey, Türkiye Bursları. Kulembetsa n'kwaulere, pa intaneti, kuyambira pa 10 Januwale mpaka pa 20 Febuluwale. Amafuna wosakwana zaka 21, wathuyu ali ndi 19. Akakutenga amalipira fizi, malo ogona, tikiti ya ndege ndi kandalama ka pamwezi. Chaka choyamba n'chophunzira chilankhulo chawo basi. Opikisana ndi ambiri zedi, choncho fomu ya NCHE yolowera mayunivesite a boma kuno kwathu alembenso, MUBAS kapena MUST asazitaye.

Agogo (walemba ndi mdzukulu): Akuti ku Turkey n'kutali kuposa ku Joni? Nanga nsima ya usipa akaipeza kuti?

Azakhali a ku Namwera: Auzeni amayi kuti tidzamumangira ufa m'chikwama 😂

Bambo ake: Ndangotsika kumene panyanja, ndawerenga zonse. Injini ikhale. Koma pasipoti alibe, ndipo mphepo ya mwera yatisowetsa nsomba sabata yonse.

Amalume a ku Joni: Alamu, ya pasipoti ndi yanga, ikubwera kutha kwa mwezi. Achemwali, nambala ya Mpamba ija ikadali yomweyo?

Amayi ake: Yomweyo. Mulungu akudalitseni.

Achemwali aphunzitsi: Loweruka abwere kwathu kuno ku Mpondasi ndi pepala la zotsatira, chiphaso cha unzika ndi zithunzi. Tiyambe kulemba kalata yofotokoza chimene akufuna kukaphunzira, imeneyo siilembeka tsiku limodzi.

Azakhali a ku Namwera: Nanga mwiniwake ali kuti? Tikungomukonzera, ali chete.

Mtsikana wathu: Ndilipo azakhali, bandulo inatha. Ine ndikufuna za uinjiniya wa madzi. Achemwali, Loweruka ndifika 8 koloko, koma ya kabaza ndilibe.

Bambo ake: Udzatenge njinga yanga, koma upope kaye tayala lakumbuyo.