Kodi SSD ingaidzutse laputopu yanga yakaleyi?

Mayi wotaipa pa Kamwendo:
Abale anga a pa gulu lino, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi kashopu kotaipa ndi kupulinta pa Kamwendo kuno ku Mchinji. Ndimalembera anthu ma CV, makalata, makadi a ukwati ndi a chinkhoswe, ndipo nyengo ya mayeso aphunzitsi amabweretsanso mapepala awo. Zonsezi ndimachitira pa laputopu imodzi, HP ProBook 4540s, Core i5, RAM 4GB, hard disk 500GB. Ndinaigula yogwiritsidwa kale ntchito, koma ndi imene ikulipirira ana anga fizi.

Ndikaiyatsa m'mawa ndimasesa shopu yonse n'kumaliza iyo isanakonzeke. Word kuti atseguke, kasitomala amayamba kusuzumira kunja kuopa kuti minibasi imusiya. Pa Task Manager, poonera mmene laputopu ikugwirira ntchito, pamene alemba Disk pamangokhala 100%. Sabata yathayi yayambanso kulira m'kati, kuti tiki tiki, n'kuima kaye, kenako n'kupitiriza.

Alamu anga akuti ndichotse hard disk ndiikemo SSD, chosungira mafayilo cha mtundu watsopano. Kodi n'zoona ithamanga, kapena ndingotaya ndalama? Ndigule yotani? Koma chikundisowetsa tulo kwambiri ndi makadi amene ndapanga zaka zonsezi. Anthu amabwera n'kunena kuti "mundipangire ngati ija munawapangira achemwali anga." Amenewo akatayika ndiye kuti ndayambiranso pansi.

Wokonza makompyuta, Kasungu boma:
Mayi, za SSD zidikire kaye. Kulira mukunenako ndiye nkhani yaikulu. M'kati mwa hard disk muli mbale yozungulira, zambiri za m'malaputopu zimazungulira ka 5400 pa mphindi, ndi kadzanja kowerenga pamwamba pake. Kadzanjako kakayamba kugogoda, hard disk ikutsanzika, ndipo itha kufa mawa kapena mwezi wamawa. Lero lomwe pezani flash yaikulu kapena external (hard disk yolumikiza pa USB), mukope makadi ndi ntchito za makasitomala poyamba. Nyimbo ndi mafilimu zibwere kumapeto. Mukatero ikani kapulogalamu kaulere koyeza thanzi la hard disk kotchedwa CrystalDiskInfo. Ikalemba Good ili bwino, ikalemba Caution mwachikasu musaidalirenso.

Funso lanu lija, inde ithamanga. SSD ilibe chozungulira chilichonse. Hard disk ngati yanuyo imawerenga pafupifupi 100MB pa sekondi zikayenda bwino, pomwe SSD ya SATA imafika cha m'ma 500MB. Koma phindu lenileni lili pa timafayilo ting'onoting'ono tambirimbiri timene Windows amatsegula poyaka. Hard disk imachita kutisakasaka kamodzikamodzi, n'chifukwa chake mukuona 100% ija.

Mugule 2.5 inch SATA. Akakupatsani kaja kopyapyala kooneka ngati chingamu, kolembedwa M.2 kapena NVMe, kanani, pa ProBook yanuyo palibe polowa.

Mnyamata wa ku Area 25:
Amayi, ine ndisakunamizeni. Laputopuyo ndi ya cha m'ma 2012. Microsoft anasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 amafuna Intel ya 8th generation kupita m'tsogolo, pomwe yanuyo singapitirire 3rd. Bwanji osangosunga ndalamazo mudzagule ina?

Mphunzitsi, Nkhamenya:
Achimwene, zimene mwanenazo n'zoona, koma mayiwa anena kuti shopu ndi imene ikudyetsa pakhomo. Atseke mpaka ndalama ya laputopu ina ikwane? Yanga ndi yakale chimodzimodzi, ndinaikamo SSD chaka chatha, pano ndikaiyatsa ndisanakhale bwinobwino pampando imakhala yakonzeka. Komanso SSD ndi katundu wawo, akadzagula makina ena atha kuiika m'kabokosi ka USB n'kumasungiramo zinthu. Chimodzi chokha mayi, popeza Windows 10 yatha nthawi, musamalowere ku banki pa laputopuyo, ndipo ma flash a makasitomala muziwasamala nawo chifukwa mavairasi amayendera momwemo.

Membala wina:
Ndikutsatira nawo, yanga ikuchitanso zomwezi.

Mayi wotaipa pa Kamwendo:
Zikomo nonse. Bambo a ku Kasungu, alamu anga amanenanso za clone, kuti zonse zingosamukira ku SSD momwe zilili. Zimenezo n'zabwino? Nanga 256GB ikwana?

Wokonza makompyuta, Kasungu boma:
Hard disk ikanakhala yabwinobwino ndikanavomera. Koma clone imawerenga zonse zimene zili pa disk ulendo umodzi, ndipo disk yodwala imatha kufera pakati pa ntchitoyo, makamaka magetsi akathima batire lili lofooka. Ikani Windows watsopano. Pafunika flash ya 8GB yopanda kanthu ndi bandulo yokwanira, chifukwa fayilo yake ndi ya ma GB angapo. Ngati Windows wanu ndi wovomerezeka, nthawi zambiri amadzizindikira yekha mukalumikiza intaneti. Office ndiye mufufuziretu kiyi yake musanachotse kanthu, pamodzi ndi driver ya printer, kapulogalamu koiyendetsa.

Pali china chimene otaipa ambiri amalira nacho pambuyo pake: ma font. Zilembo zokongola za pa makadi anu zili mu C:\Windows\Fonts. Mukaiwala kukopa foda imeneyo, makadi adzatseguka inde, koma zilembo zitasintha ndipo mizere itasokonekera.

256GB ikwana Windows, Office ndi makalata. Ngati zithunzi za maukwati zilipo zambiri, limbani mtima mugule 512GB, chifukwa SSD siifuna kudzazidwa mpaka pakamwa. Kaya mukagula ku Lilongwe kaya muwoloka pa Mwami kupita ku Chipata, funani risiti, ndipo muiyese ndi kapulogalamu ka H2testw, koona kukula kwake kwenikweni, musanaikemo kanthu. Zachinyengo zilipo, kunja alemba 512GB koma m'kati muli zochepa. Poika, zulani chaja, chotsani batire, ma screw muike m'kambale asasowe. Ndalama ikatsalako onjezani RAM ifike 8GB, mtundu wake ndi DDR3.

Mnyamata wa ku Area 25:
Hard disk yakaleyo atha kuiika mu caddy, kabokosi kolowa pamalo pa DVD, akhale ndi malo awiri osungira.

Wokonza makompyuta, Kasungu boma:
Nzeru yabwino, koma osati ndi disk imene ikugogoda kale. Komanso mayi mudziwe kuti SSD ikamafa siilira ngati inzakeyi, imangozima. Makadi aja muziwasunga malo awiri nthawi zonse.

Mayi wotaipa pa Kamwendo:
Ndabweranso. CrystalDiskInfo yalembadi Caution mwachikasu. Ndabwereka external kwa alamu anga, makadi onse ndi ma font zalowa, kupatula foda imodzi ya 2019 imene ikukana, ikafika pakati imaima n'kuyamba kulira kuja. Loweruka ndikwera ya ku Lilongwe kukagula 512GB. Bambo a ku Kasungu, foda ikukanayi ndipitirize kuyesa, kapena ndiizimitse laputopuyi mpaka wodziwa aione?